Zitsulo za Asilikali Pansi pa Thanthwe la ku Kalingalinga

Anthu ena ndikawafotokozera nkhani iyi amati ndathirako mchere, koma ine ndine mayi wopemphera, imvi zili mbuu m'mutumu, ndinganame kuti ndipindule chiyani? Zimenezi zinachitikadi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo akuluakulu a ku Kalingalinga amene akali moyo angakuuzeni za tsiku limene malata a komboni yonse analira ngati kwagwa matalala dzuwa likuswa mtengo. Mayina sinditchula, chifukwa ena anatisiya kale ndipo ana awo timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Anali masiku a chipani chimodzi aja, pamene ufa, sopo ndi saladi wophikira ndiwo tinkachita kuzifolera mzere. Amuna anga anali mlonda pa sitolo ina ku Kamwala, ndipo malipiro awo ankatha mwezi usanafike pakati, ndiye ine ndinalowa gulu la amayi ophwanya miyala kutchire la kuseri kwa komboni. Amene simuidziwa ntchitoyi, imayenda chonchi: mumakumba dothi mozungulira thanthwe, n'kuunjikapo matayala akutha, n'kuyatsa moto. Thanthwe likapsa limang'aluka, ndiye likazizira mumaliswa ndi nyundo mpaka timiyala ting'onoting'ono timene malole a omanga nyumba amadzagula. Ntchito yothyola msana, koma mimba sidziwa zimenezo.

Wondithandiza anali mng'ono wanga, chitsiriza m'mimba mwa amayi, amene ndinachita kukamutenga ndekha kumudzi ku Katete nditawalonjeza amayi kuti ndidzamusunga ngati diso langa. Mtsikanayo anali woimba, nyimbo akangoimva kamodzi pa wailesi basi yalowa, ndipo kalipentala wina wa ku Mtendere anali atatumiza kale ankhoswe kudzamufunsira.

Pokumbapo tinayamba kutola zinthu zachilendo. Makapu achitsulo oyera ogumuka m'milomo, masipuni, malumo ometera ndevu, timabotolo ta mankhwala, tizitsulo ta kunsi kwa jombo, mabatani amkuwa okhala ndi chithunzi cha mbalame. Akuluakulu anatiuza kuti kale dziko lisanalandire ufulu pamenepo panali kampu ya asilikali akuda amene ankawatengera ku nkhondo ya azungu, ndipo nyumba zawo zitagwetsedwa udzu unameza zonse. Ife tinalibe nazo mantha, tinangoti Mulungu watikumbuka. Makapu tinatsuka n'kumamwera tiyi, mabatani tinasokerera pa mayunifomu a ana, ndipo mnzathu wina anapeza chisoti chachitsulo n'kuchisandutsa chomwera abakha ake.

Koma tsiku lina khasu la mng'ono wanga linagunda bokosi lowola, ndipo m'kati mwake munali zitsulo zingapo zogona mondondozana, chilichonse ngati botolo lalikulu, kumbuyo kwake kuli timapiko. Amayi anzanga anayamba kulimbirana, uyu akuti chikhala nyundo yabwino poti n'cholemera, uyo akuti akachigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ine sindinazikhudze. Sindinapite patali ndi sukulu, koma chinthu chimene asilikali anachisunga m'bokosi, chokhala ndi mapiko, chingakhale munsi wosinjira nsinjiro? Ndinawakalipira onse kuti achoke, ndipo mng'ono wanga ndinachita kumukoka dzanja.

Masiku amenewo nkhani siinkapita kupolisi isanadzere kwa tcheyamani wa chipani wa dera lanu, ukalumpha pamenepo wadziputira mavuto. Ndiye ndinapita kwa ba tcheyamani athu. Anabwera ndi mayufi awo, anyamata a chipani, akukukuta chimanga chootcha, anasuzumira m'dzenjemo, n'kuseka, ati imwe amai, vinthu ivi ni vakudala, vinafa kale. Anatola mpeni wautali wa kunsonga kwa mfuti umene unali pambali pa bokosilo n'kuupereka kwa mayufi kuti akausiye kunyumba kwawo. Ine ndinati zikomo ba tcheyamani, koma kodi sikwabwino kuitana asilikali eni ake adzaone? Nkhope inasintha pomwepo. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti dziko lili pa chenjezo, ndi kuti anthu oyendayenda ndi nkhani za mabomba m'makomboni ndi amene amatumidwa ndi adani akumwera kudzasokoneza mtendere.

Ine kazitape? Ine wa zikhatho zong'ambika ndi nyundo? Magazi anandiwira, ndipo pakamwa pangapa, amene amandidziwa akudziwa, sipachedwa. Ndinawauza pamaso pa anthu onse chimene aliyense ankachinong'ona, kuti iwo akuopa asilikali chifukwa akabwera atchinga tchire lonselo ndi waya, pamene iwo anali atayamba kale kulidula mapuloti n'kumagawira anthu amene awafuna. Chigamulo chinagwa nthawi yomweyo: ine ndisapondenso ku miyala mpaka ndidzaphunzire ulemu.

M'mawa mwake ba tcheyamani anaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti zitsulo zija azipereka m'manja mwa asilikali, ntchito ipitirire. Ine mtima sunakhale pansi, chifukwa galimoto ya asilikali ikalowa m'komboni ngakhale agalu amadziwa, nanga imeneyi inalowa bwanji osaonedwa ndi munthu? Ndinameza mkwiyo wanga, ndinapita kunyumba kwawo, ndinagwada pansi ine mayi wa ana, n'kufunsa mwaulemu ngati zitsulozo zachokadi, popeza mng'ono wanga akugwirabe ntchito kumeneko. Analumbira pali manda a mayi awo. Amuna anga nawonso anati ndileke kulimbana ndi mtunda wopanda madzi, munthu wamkulu walumbira, ndikufunanso chiyani? Ndipo kunyumba ufa unali utatha. Mng'ono wanga anati asisi musadandaule, ine ndiziphwanya za tonse awiri.

Patapita masiku, masana ena ndinali pa mpope kutunga madzi, ndipo pa mzerewo panalinso akazi awo a ba tcheyamani. Kutchire kunakwera utsi wakuda wa matayala, chinthu chimene tinkachiona tsiku ndi tsiku. Koma mayiyo anauyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti kodi akuotcha thanthwe liti. Ine ndinayankha monyada kuti ndi mng'ono wanga, wayamba thanthwe lalikulu lija la pafupi ndi mkuyu. Ndowa inawapulumuka m'manja. Anafuula dzina la Mulungu m'Chibemba chakwawo, n'kunena kuti zitsulo zija sizinapite kulikonse, amuna awo anauza mayufi kuti azilowetse mumng'alu wa pansi pa thanthwe lomwelo n'kukwirira ndi dothi.

Abale anga, mayi ameneyu ankadziwa masiku onsewo, tinkapatsana moni pa mpope pomwepo, ankandibwereka ngakhale sefa!

Sindikumbuka kuti chitenje chinagwera pati. Ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka, kudumpha ngalande, kudutsa m'mabwalo a eni, ndikukuwa dzina la mwanayo mpaka mawu anasasa. Nditatulukira kutchire ndinamuona patali, ali ndi mtengo m'manja akukankhira tayala pakati pa moto, akuimba monga mwa masiku onse. Amayi ena anali atapita kukapuma pamthunzi chapatali pothawa utsi. Mwanayo atandimva anatembenuka, ndipo poona ndikuthamanga choncho anamwetulira, chifukwa masiku amenewo mayi akamathamanga akukuwa ndiye kuti kusitolo kwabwera ufa. Anataya mtengo uja n'kuyamba kubwera kwa ine, akufunsa ndi manja kuti wafikira sitolo iti.

Kenako dziko linang'ambika. Phokoso lake sindinalimve ndi makutu, ndinalimva m'chifuwa, ngati munthu wandimenya ndi chipika, ndipo ndinapezeka ndili chagada, kumwamba kuli mdima, miyala ndi zidutswa za matayala oyaka zikugwa ponseponse. Lisanathe loyamba linaphulika lina. Ndinakwawa, ndikulavula dothi, mpaka ndinamupeza atagona chafufumimba, diresi likuyaka kumsana, magazi akutuluka m'makutu monse muwiri, dzanja lamanja losayang'anika. Motowo ndinauzimitsa ndi manja angawa. Ndinamuitana, ndinamugwedeza, maso anatsegula n'kumangoyang'ana milomo yanga. Akanakhala kuti sanasuntheko kubwera kwa ine, sitikanapeza ngakhale choika m'bokosi.

Tinamunyamula pa wilibala yotutira miyala mpaka kumsewu, ndipo lole ina imene inabwera kudzagula miyala ndiyo inatifikitsa kuchipatala.

Tsopano mverani chimene chimandiwawa mpaka lero. Asilikali anabwera tsiku lomwelo, anatchinga tchire lonse, ndipo amene anawalandira, atavala malaya a chipani ositidwa bwino, anali ba tcheyamani omwewo. Anawauza kuti iwo anachenjeza amayi kambirimbiri koma amayi a m'komboni samva, ndipo anawonjezera kuti pali mayi wina amene wakhala akukamba za mabomba zisanachitike, mwina afunsidwe kuti anazidziwa bwanji. Asilikaliwo anandipeza kuchipatala, magazi a mng'ono wanga asanaume pa malaya anga, n'kunditenga. Tsiku lonse kundifunsa funso limodzimodzi, kuti ndani anandiphunzitsa kuzindikira zida. Ndinawauza zonse, ndinatchula akazi a ba tcheyamani kuti ndiwo mboni yanga. Atawaitana, mayiyo m'maso muli gwa anakana kuti sanalankhule nane chilichonse. Nanga amayi onse aja amene anali pa mpope, amene anaona ndowa ikugwa? Aliyense anali atayang'ana kumbali, aliyense anali ndi puloti kapena malo a pamsika oti awateteze. Anandimasula poona kuti ndine mphawi chabe wopanda kanthu, koma pepani sanandiuze.

Asilikali atachotsa zotsala, kunabwera anthu ophunzira ofukula zinthu zakale. Awa ndiye ankagwira dothi ngati dzira. Anamanga tizingwe, ankakumba ndi timasipuni, kupukuta ndi timaburashi, kusefa dothi monga tisefera ufa, ndipo batani lililonse ankalikulunga m'kapepala kakekake. Anayenda khomo ndi khomo kutolera makapu athu aja, ngakhale chisoti cha abakha chinapita, ati zimenezi ndi mbiri ya dziko, zikusonyeza mmene makolo athu ankakhalira ku usilikali. Sindikuwada, anali aulemu, ndipo mtsikana wina mwa iwo anakhala nane pamphasa. Koma nditamufunsa ngati m'mbiri yawoyo mulowanso mng'ono wanga, anayang'ana pansi n'kuti zimenezo si za ofesi yawo. Ndinaona ndi maso anga bokosi la mabatani ndi masipuni likukwezedwa pampando wakutsogolo wa galimoto, munthu atalifungatira pamiyendo kuti lisagwedezeke, pamene mwana wa amayi anga anachoka pamalo omwewo pa wilibala.

Mng'ono wanga anatuluka m'chipatala wopanda zala ziwiri, ndipo makutu onse anatsekeka mpaka kalekale. Kukwaya anapitako kamodzi, anaona anthu akuyang'anana iye akuimba, sanabwererenso. Kalipentala uja anabwera maulendo angapo ndi timalalanje, kenako anayamba kusowa, kenako tinangomva kuti wakwatira ku Chawama. Amayi nditawatengera mwana wawo kumudzi kuti akamuone, sananditukwane, anangomugwira makutuwo n'kumalira, ndipo kukanakhala bwino akanandimenya. Nanga ba tcheyamani? Anakwezedwa udindo, anakalamba bwinobwino, pamaliro pawo anthu analankhula kuti anali tate wa komboni. Pakhomo panga sanapondepo ngakhale tsiku limodzi kudzati pepani.

Ena ankati ndi mizimu ya asilikali aja inakwiya chifukwa tinkamwera m'makapu mwawo. Bodza! Anthu amenewo anali ana a amphawi ngati ife tomwe, akanatimana kapu? Zitsulo zawo zinagona m'dothi zaka zonsezo osapweteka ngakhale mbuzi. Ine chimene ndimakhulupirira n'chakuti mng'ono wanga sanapwetekedwe ndi akufa, anapwetekedwa ndi munthu wamoyo amene anaona kuti mpando wake ndi mapuloti ake n'zolemera kuposa mwana wa mnzake, pamodzi ndi onse amene ankadziwa n'kutseka pakamwa.

Ndiye inu amene mukukumba maziko, zimbudzi ndi zitsime m'malo amene kale munali asilikali, wakutsina khutu ndi mnansi. Mukapeza kapu kapena sipuni, dziwani kuti eni ake sankanyamula masipuni okha. Chitsulo chimene simukuchidziwa musachigwire, musachigogode, musayatse moto pafupi, chotsani ana, ndipo kuwani mpaka komboni yonse imve. Munthu akakuuzani kuti nkhaniyo waikonza kale, kaya ndi wamkulu bwanji, kaya alumbire pali manda a ndani, musabwezere mwana wanu pamalopo musanaone ndi maso anu asilikali akunyamula chinthucho. Ine ndinagwada n'kufunsa mwaulemu, ndinayankhidwa ndi lumbiro, ndipo lero mng'ono wanga ndi nkhalamba ngati ine, koma ndikafuna kumuitana ngakhale ali pafupi pomwepa, ndimachita kunyamuka kukamugwira paphewa.