Tsache m'Kashedi ka Agulugufe

Amuna anga anatipeza ine ndi mwana ku Barking, kuno kudziko la Azungu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, atatuluka m'ndende kwathu, koma chimene chinatsika ndege linali thupi lokha. Munthu woti kale ankalongolola mpaka ndiwo kuzizira, tsopano ukawafunsa kanthu ankangogwedeza mutu basi. Miyezi inayi yathunthu! Ine mtima unali m'mwamba, ndinkaopa kuti mutu unasokonekera.

Masamba atayamba kuyoyoka, anayamba kudzitsekera m'kashedi kamatabwa kuseri kwa nyumba. Masana onse ali momwemo. M'menemo tinkasungamo chingwe choyanikira zovala, ndipo zimene ndinkaganiza sindingazilembe pano.

Tsiku lina ndinati ayi, zakwana. Ndinatenga tsache ngati ndikukasesa, poti mkazi wonyamula tsache safunsidwa kumene akupita. Ndinawapeza atakhala pa chitini cha penti, maso ali kudenga. Pakona ya dengalo panali tinthu takuda bii, tambiri ndithu, titalendewera. Ine ndinati ndi mwaye, ngati wa m'khitchini ya kumudzi. Mwaye poti sipasonkhedwa moto, koma inenso! Ndinachita manyazi ndi uvewo, ndinakweza tsache n'kupalasa kamodzi.

"Amake mwana! Mwapenga kodi?"

Tsache linandipulumuka. Kamwaye kamodzi kanagwera pansi n'kutambasula mapiko ofiira psuu, okhala ndi timaso tinayi tabuluu. Gulugufe!

"Akugona awa," anatero amuna anga akumutola mosamala. "Mzungu wa nyumba iyo akuti anzawo ena amawoloka nyanja kuthawa chisanu, koma awa amabisala muno mpaka dzuwa libwerere. Ine ndimadzaona ngati afika ena. Dzulo analowa awiri, pang'alu apo. Ndiye inu ndi tsache lanulo, chilichonse n'kusesa! Ukhondo wanji wopha zinthu zosalakwa?"

Anandikalipira, anthuni, mpaka malovu kuuluka. Anafukula ndi nkhani ya manyuzipepala awo amene ndinakolezera mbaula ku Zomba tisanabereke n'komwe mwana. Ine ndinangokhala pansi pa simenti yozizira ija, misozi ili chuchuchu, ndikuseka ngati chitsiru. Mwala umene unanditsamira pachifuwa unali utachoka.

"Nanga mukuseka chiyani?"

"Palibe, bambo. Pitirizani, ndikumva."