Ba Amock ndi Mizimu Yotsuka Mbale

Ba Amock Daka anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete atanyamula zinthu ziwiri: sompho yosemera ng'oma ndi njala. Njalayo inatha atapeza ntchito yaumesenjala pa ofesi ina ku Longacres, koma sompho sanaisiye. Pakati pa sabata ankanyamula mafailo ndi tiyi wa mabwana, Loweruka n'kukwera njinga kupita cha ku Chongwe kukasankha mtengo. Ine ndinali neba wawo mu Kabwata, ndipo ndikuchitira umboni kuti ng'oma zawo zinkalira bwino kuposa mwini wake. Iwo akayambitsa nyimbo m'tchalitchi cha Dachi, ana ankabisala m'zitenje za amayi awo.

Chaka cha ufulu mkazi wawo, Ba Winifred, anabala mwana wamkazi, Regina. Anthu ena ali kalikiliki kukweza mbendera, Ba Amock ankazika nthambi ya mkuyu kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi mpopi wa mumsewu mwathu.

"Uyu ndi mtengo wa Regina," anatiuza. "Tsiku lokwatiwa, ng'oma yake idzatuluka muno."

Tinawaseka. Masiku amenewo mitengo inali mbwee, ukangotuluka m'tauni pang'ono. Koma tauni inakula, ndipo aliyense wobwera ankafuna mbaula yake ndi thumba lake la makala. Nkhalango inayamba kuthawa. Ba Amock ankapalasa njinga mpaka matako kutupa, n'kubwerako ndi fumbi m'makutu basi, akuti kwatsala zitsa ndi utsi. Ng'oma zawo zakale anagulitsa kwa azungu a ku Kabulonga, amene ankaikapo miphika ya maluwa. Yomaliza inadyedwa ndi chiswe. Achinyamata sanadandaule, iwo anali ndi rumba ya pa wailesi.

Kenaka, zaka za m'ma eyite zitangoyamba, mvula nayo inatikana. Kumudzi chimanga chinapsa chisanatulutse ngayaye. Kuno ufa unkapezeka ukaima pa mzere kuyambira mbandakucha, ndipo mpopi wathu unkangotsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Mapapaya anauma, mipanda ya maluwa inasanduka nkhuni. Chobiriwira chokha chimene chinatsala mumsewu monse chinali mkuyu wa Ba Amock, wonenepa ngati munthu wa pa mpando. Palibe ankadziwa chimene unkamwa.

Azimayi onse anasamukira pansi pake ndi ndowa zawo, kudikira kuti mpopi uchite chifundo. Pamenepo ndi pamene ankalukana tsitsi, kuyamwitsa, ndi kuweruza ife amuna awo tisanaitanidwe. Poti kudikira kunali kwakutali, Ba Winifred anayamba kuphunzitsa atsikana nyimbo za chitelele zimene iwo anavina ali namwali ku Katete. Ng'oma panalibe, ankangoomba m'manja ndi kumenya ndowa zopanda madzi. Ana obadwira m'tauni, amene sankadziwa n'komwe kuti nkhokwe ili ndi khomo kapena ayi, anayamba kugwedeza m'chiuno ngati a kumudzi.

M'chaka chomwecho Regina anapeza mwamuna, Abednego Mpundu, kondakitala wa basi, Mbemba wa ku Kasama. Azakhali ake a mnyamatayo, Ba Muriel, ankakhala mumsewu mwathu momwemo. Inu mukudziwa kuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ngati Ba Amock ndi pachibale chotukwanizana, wina akanyoza mnzake palibe mlandu. Ba Muriel ankagwiritsa ntchito ufulu umenewo kuposa ufulu wa dziko.

"Shani, ba Daka!" anakuwa tsiku lina ali pansi pa mkuyu. "Namvela ati pa ukwati muzaliza mapoto. Osavutika, ise tizabwelesa ng'oma zathu. Imwe bwelesani chabe mbeba zanu."

"Iwe Muriel, nyama ya anyani inakuononga mutu," anayankha Ba Amock. "Ng'oma ya mwana wanga ndi iyo wakhalira mthunzi wakeyo. Mawa ndiugwetsa mtengowu."

Azimayi pansi pa mtengo anayang'anizana. Ngakhale mpopi unasiya kutsokomola.

Sikuti Ba Amock anali ouma mtima. Koma munthu amene dzina lake lonse linali ng'oma, mwana wake mmodzi yekhayo akwatiwe ndi ng'oma zobwereka kwa Abemba? Ankaona kuti kuli bwino afe.

Tsono osema ng'oma a kwawo ali ndi mwambo. Sugwetsa mtengo usanapemphe kwa makolo. Dzuwa likamalowa umaika kamulu ka ufa patsinde. Ukakapeza m'mawa kali chiimire, avomera. Kakasokonezeka, akana. Ba Amock anali mkulu wa mpingo, choncho anachita zimenezi akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Ndipo poti ufa unali wosowa, sanauthire padothi monga kumudzi. Anauika m'mbale.

M'mawa anapeza ufa mulibe. Mbale inali yotsukidwa bwinobwino, yovundikiridwa pamwala kuti iume.

"Akana," anatero Ba Winifred, nkhope ili yachisoni ngati pamaliro. "Koma mwina ndi ufawo, atate ake Regina. Mwawapatsa wachikasu uja wa chithandizo. Apongozi anga anaudyapo ufa wachikasu ali moyo?"

Ba Amock anaona kuti mkazi wanena zanzeru. Anakaima pa mzere tsiku lonse, anapondedwa, anatukwanidwa, n'kubwera ndi ufa wa rola, mgaiwa wa m'sitolo. M'mawa mwake mbale inali yotsukidwanso.

Ine sindine mneneri, koma ndinaona kuti masiku amenewo ana a mumsewu mwathu ankamwa phala m'mamawa pansi pa mkuyu, ndipo mizimu imene inkawagawira inali itavala zitenje za Chipani. Sindinawaulule. Nanenso mpando wanga unali mumthunzi womwewo.

"Ba Daka, makolo banu bazolowela tauni manje," anatero Ba Muriel. "Bafuna bulekifasiti, uja woyela. Na kashuga pambali."

Munthu wamkulu anapitadi mpaka ku msika wa Soweto, kukagula ufa woyera kwa ogulitsa mobisa. Shuga anakana, anati makolo ake sanali a matenda a mano. Mizimu inalandira ufawo ndi manja awiri, ndipo inabweza mbale ikuwala kuposa kale.

Ba Amock anakhala pakhonde sompho ili pamiyendo, osadya. Ukwati unali pafupi. Regina anabwera kudzagwada pambali pawo.

"Atate, ng'oma za kwa a Mpundu zilibe vuto. Ndivina zomwezo."

"Uvina za kwanu," anatero, koma mawu awo analibe msana.

Chipulumutso chinachokera kumene sitinkayembekezera: kuzimbudzi. Sabata imeneyo zimbudzi za mumsewu monse zinatsekeka, ndipo kunabwera anthu okonza mapaipi ndi mapiki awo. Atakumba pafupi ndi mkuyu anapeza chinsinsi chonse. Mizu inali itaboola paipi yaikulu yadothi, n'kulowamo ngati alendo osaitanidwa. Zaka zonsezo mtengo wopatulika wa Regina unkanenepa ndi zimene ife tonse tinkapereka m'mawa uliwonse mosakakamizidwa. Okonzawo anaika paipi yatsopano, yakaleyo n'kuisiya pambali pa dzenje.

Ba Amock anaizungulira paipiyo. Anaigogoda ndi chala, n'kutchera khutu. Mbali imodzi inali yathunthu, yotalika kufika m'chiuno, kukamwa kwake kotambalala ndithu.

"Amake Regina, bweretsa phulusa ndi mchenga."

"Mwayamba misala?"

"Mtengo wakana thupi lake, koma wandipatsa mbale imene umadyera. Bweretsa phulusa."

Anaikwecha masiku angapo mpaka ntchentche zinataya chikhulupiriro. Chikopa sichinavute, chifukwa chilala chinkapha mbuzi zambiri. Ba Seif, Mchawa wogulitsa nyama, anawapatsa chabwino, koma atamva kumene chikupita anati, "Ba Daka, mbuzi iyi ndinaipha mwapemphero. Musandiuze zambiri." Zikhomo sizilowa m'dothi lootcha, choncho anamanga chikopacho ndi waya ndi mphira wa machubu a njinga yawo, imene inalibenso nkhalango yopitako. Anamata phula pakati, anaiwamba pamoto, n'kumenya kamodzi.

Agalu mpaka a ku Kamwala uko anayankha.

Pa tsiku la ukwati Abemba anabwera ndi ng'oma zawo zamtengo, zokongola. Zinalira, tinaombera m'manja mwaulemu. Kenaka Ba Amock anakhalira paipi yawo pansi pa mkuyu, atsikana a Ba Winifred n'kulowa m'bwalo ndi chitelele, Regina ali patsogolo. Mawu a ng'omayo ankalowera kumapazi n'kukatulukira m'mano. Ba Muriel anayesa kukhala chete, koma chiuno chinawapandukira.

"Ba Daka, ng'oma yanu inunkha!" anakuwa ali pakati pa bwalo.

"Nanga ukuviniranji pafupi?"

Madzulo, anthu atatopa, ndinawafunsa ngati makolo sadzakwiya ndi ng'oma yotere. Anayang'ana mkazi wawo, amene anali kutsuka mbale za alendo ndi timadzi tochepa.

"Makolo anga ndikuwadziwa bwino," anatero. "Amuna ndi akazi omwe, palibe ndi mmodzi yemwe anatsukapo mbale n'kuivundikira pamwala."

Ba Winifred sanatembenuke, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Sompho inagwirabe ntchito chaka chimenecho, koma kunthambi zokha. Ba Amock anadula nthambi za mkuyu n'kugawira nyumba iliyonse, kuti mwana aliyense wamkazi wa mumsewu akhale ndi mtengo wake. Tinkathirira ndi madzi otsukira mbale ndi osambira. Mitengo ina inauma, yambiri inagwira, ndipo mvula itabwerera inakula mwamwano ngati mayi wawo. Atsikana aja anayamba kuitanidwa ku maukwati mpaka ku Chelstone, paipi ikuyenda pa wilibala.

Ba Amock anamwalira mkuyu wawo uli chiimire. Okonza mapaipi amabwerabe mumsewu mwathu kawirikawiri, amakumba, amatukwana amene anadzala mitengo imeneyi. Akatopa amakhala mumthunzi.