Ngongole Imene Inamulanda Mabel Mwana

Inu amene mwezi ukatha mumazimitsa foni poopa okutsatani ngongole, khalani pansi ndikuuzeni za Mabel Longwe. Mwina mungatolepo kanthu.

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, Mzuzu atazizira monga mwa nthawi zonse, kamvula kakuwaza. Mabel anaima pa depoti manja ali m'khwapa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Tione, wa zaka zisanu, anali atakhala kale m'minibasi pamiyendo pa Rachael, mkulu wake wa Mabel, amene amakhala ku Chintheche. Mwanayo ankayesa kuti akupita kukacheza. Ankagogoda galasi n'kumaseka.

Rachael anatulutsa mutu pawindo. "Usandiyang'ane ngati ndakubera mwana. Masiku awiri mwana akugonera tiyi wopanda shuga, iwe uli pa ntchito? Ukadzamaliza ngongole zako zonse udzabwere udzamutenge. Usanamalize, usanditchulire n'komwe."

"Asisi, miyezi iwiri yokha ndikhala nditakonza."

"Ine ndanena."

Minibasi inanyamuka. Mabel anabwerera ku Msongwe wapansi chifukwa ngakhale ya njinga analibe. Atalowa m'nyumba n'kumva kuti zii, anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kulira mpaka mawu anasasa.

Musaganize kuti anali lova. Anali mlembi pa kampani ina yogulitsa matabwa, malipiro akulowa mwezi ndi mwezi. Mowa sankamwa, njuga sankaidziwa. Bambo wa Tione analowera ku Joni mwana ali wakhanda osamvekanso, komabe ndalama ya Mabel ikanakwanira anthu awiri. Chimene chinamudya ndi maukwati. Eya, maukwati a eni ake!

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Ukwati ukangomveka, komiti imasankha chitenje cha yunifomu, aliyense agule, akasoketse. Ukwati usanafike pali shawa ya mkwatibwi, nayonso ndi chitenje chake. Tsiku lenilenilo pali perekaniperekani. Ndiye Mabel anali wodziwa kuvina, wokoma m'kamwa, komiti iliyonse inkamulimbirana. Akalowa m'bwalo ndalama zili m'manja, akuponya imodziimodzi motsata nyimbo, holo yonse inkafuula dzina lake laulemu kuti, "Nyalongwe wafika!" Mfuu umenewo unkamukomera kuposa chakudya.

Malipiro akapelewera ankatenga ku banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi. Kumeneko atafika pomukaniza, anapita kwa a Blackson a katapila. A Blackson sakangana ndi munthu. Iwo amangotenga khadi lako la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi. Tsiku la malipiro amakatapa okha, n'kudula zawo, iwe n'kukupatsa zotsala. Mwezi umene Tione anachoka, zotsala za Mabel zinali K14,000. Abale inu, mwezi wathunthu!

M'mawa mwake Mabel sanapite ku tchalitchi. Anatenga kope n'kuchita chinthu chimene ankachithawa zaka zitatu: analemba ngongole zonse pa tsamba limodzi. A Blackson, banki m'khonde, lendi ya miyezi itatu, pa okala, anzake awiri a kuntchito. Zinakwana K910,000. Anawerenga kawiri poganiza kuti walakwitsa. Sanalakwitse.

Kenako anatsegula sutikesi. Munali madiresi a yunifomu makumi atatu ndi anayi, lililonse analivala kamodzi kokha. Ena mwa maukwati amenewo anali atatha kale, koma ngongole ya chitenje chake inali idakali moyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sabata yomweyo anagulitsa madiresiwo kwa mayi wina wa kaunjika, pamtengo wongomvetsa chisoni. Anagulitsa sofa, wailesi yakanema ndi foni yake yaikulu, n'kugula kafoni ka mabatani. Analipira lendi yotsalira ndi pa okala, n'kusamukira m'kachipinda kamodzi ku Chibavi, kopanda magetsi.

Kwa a Blackson anapita ndi mkulu wa mpingo ngati mboni. Anagwirizana chiwerengero chimodzi, chiwongoladzanja chisakwerenso, azidula ndalama yofanana mwezi uliwonse mpaka ithe. A Blackson anavomera msanga, akumwetulira.

"Ndipo musadzandipatsenso ina, ngakhale nditagwada," anatero Mabel.

"Onse amatero, amama. Kenako amabwera."

Kuyambira pamenepo, ndalama iliyonse inkapatsidwa ntchito isanafike m'manja. Malipiro asanatuluke, bajeti inali italembedwa kale m'kope muja: nyumba, ufa, makala, sopo, banki m'khonde, anzake a kuntchito. Chimene sichinalembedwe sichigulidwa, ngakhale chikome bwanji. Kuntchito ankapita wapansi, anyamata a njinga akumuimbira belu mpaka anatopa naye. Nyemba ankaziviika m'madzi kaye kuti zisathe makala. Mafuta ophikira ankayeza ndi chitsekerero cha botolo. Kuseri kwa nyumba anadzala mpiru m'matumba a simenti. Kumsika ankapita dzuwa litapendeka, ogulitsa akatsitsa mitengo poopa kubwerera ndi tomato. Tsitsi anameta lonse, za kusaluni zinathera pomwepo.

"Kodi Nyalongwe mwalowa mpingo wanji?" anzake ankamuseka motero akamuona akudya mbatata yophika pa nkhomaliro. Iye ankangoseka nawo. Koma kunena zoona zinkamuwawa. Munthu amene unazolowera kuomberedwa m'manja, kusekedwa sikuzolowereka msanga.

M'bajeti monsemo munali mzere umodzi wokha wa chisangalalo: mayunitsi a Lamlungu. Akaweruka ku tchalitchi ankaimbira Rachael kuti alankhule ndi Tione, mphindi zisanu basi. Sabata yonse ankakhalira kudikira mphindi zimenezo.

"Amama, dzino langa likugwedera."

Sabata yotsatira: "Amama, lachoka! Mubwera liti mudzaone?"

"Posachedwa, mwanangu."

Akadula foni ankakhala nayo m'manja nthawi yaitali, osafuna kuiika pansi. Ana a oyandikana nawo akamaitana amayi awo panja, iye ankatembenuka. Mu Seputembala Tione anayamba Sitandade 1. Amene anamugwira dzanja popita ku sukulu tsiku loyamba anali Rachael. Chithunzi anachitumiza pa foni ya Sekani, mnzake wa Mabel wa kuntchito, poti kafoni ka mabatani sikaonetsa zithunzi. Mabel anachiyang'ana nthawi yonse ya nkhomaliro mpaka mwini foni anachita kuipempha.

Tsopano ndikuuzeni pamene anagwa, chifukwa sindikufuna mundiyese wonama. Disembala itafika, mtima unamukanika. Khirisimasi mwana ali kwa eni, wopanda ngakhale diresi yochokera kwa mayi wake? Miyendo inamutengera yokha kwa a Blackson. Sanachite kugwada n'komwe. Anatenga K80,000 ya katapila watsopano, anagula diresi yapinki ndi nsapato, n'kukwera minibasi.

Tione anamudumphira m'khosi. Masiku awiri aja anali okoma, sindingakane. Koma tsiku lobwerera Rachael anamukokera kuseri kwa nyumba.

"Ndalama ya zonsezi waitenga kuti?"

Mabel sanabise, anatchula a Blackson.

"Ndiye kuti diresi iyi waigula ndi miyezi ina itatu ya mwanayu kukhala kutali ndi iwe. Ukuyesa akufuna diresi? Madzulo aliwonse amakhala pa msewu apo kuwerenga maminibasi."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chitonzo chilichonse. Ulendo wonse wokwera mapiri kubwerera ku Mzuzu analira mwakachetechete, atayang'ana kuwindo. Atafika anatsegula kope n'kulemba ngongole yatsopanoyo ndi dzanja lake. Anasankha kuti ku Chintheche sadzapondakonso mpaka tsiku lokatenga mwana, chifukwa ndalama ya ulendo umodzi inali sabata zingapo za ngongole.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu Ogasiti chaka chotsatira. Bridget, mnzake wapamtima kuyambira ku sekondale, ankakwatiwa. Anabwera yekha ku Chibavi, chitenje cha yunifomu chili m'chikwama.

"Wapampando wa komiti ndiwe, zosakambirana. Chitenje ndi kusoketsa K45,000, chopereka cha komiti K60,000. Ukwati wanga sungachitike iwe utakhala kumbuyo."

Nkhani m'tauni muno siichedwa. Mawa lake a Blackson anakumana ndi Mabel pa msewu. "Monire amama! Ndamva kuli ukwati. Mwatsala pang'ono kumaliza, ndikuwonjezereni kangachepe?"

Chitenjecho chinali chokongola chomene, ndipo Bridget sanali munthu wamba kwa Mabel. Koma anawerengetsa mumtima kuti ndalamayo ndi miyezi ingati, n'kuwasiya a Blackson pomwepo. Madzulo anapita kwa Bridget.

"Mnzanga, ndalama ndilibe, ndipo sindikongola. Manja ndili nawo. Undiike kukhitchini."

"Ukundichititsa manyazi, Mabel. Maukwati a anthu osawadziwa unkavina, wanga ndiye wauona wotchipa?"

"Ndikufuna mwana wanga, Bridget."

Pa ukwatiwo ine ndinalipo, izi sindinachite kumva. Mabel anafika m'mamawa atavala chitenje chakale, n'kuyamba kusenda anyezi kuseri kwa holo. Anaphika, anagawa chakudya, anatsuka mbale za anthu mazana atatu. Nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana anzake a mkwatibwi a ku sekondale. Analowa amayi khumi ndi awiri ofanana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kumbuyo kwawo kunabwera Mabel, manja atatuwa ndi sopo, yekhayekha wopanda yunifomu. Anavina pang'ono, anaponya K1,000 yake imodzi imene anailemba m'bajeti, n'kubwerera ku mbale zake.

Palibe anafuula dzina lake. Mayi wina amene anakhala pafupi nane ananong'oneza mnzake kuti, "Nyalongwe anagwa, ee." Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti chitenje chimene wavalacho wamaliza kulipira kodi. Bridget naye anakhala miyezi inayi osamulankhula. Musanamizidwe, kutuluka m'ngongole kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina umalipira ndi anzako.

Banki m'khonde inatha mu Novembala. Anzake a kuntchito anawamaliza mu Januwale. Kumapeto kwa Malichi, patatha chaka ndi miyezi isanu ndi inayi chichokereni Tione, a Blackson anadula ndalama yomaliza n'kumubwezera khadi lake.

"Yewo chomene, amama. Khomo ndi lotsegula."

"Yewo, adada. Tikakumana tizingopatsana moni."

Anadikira kuti sukulu zitsekere, anapeza malo a Tione pa sukulu ya pafupi, anagula kamatiresi ndi ndalama yakeyake, n'kunyamuka ulendo wa ku Chintheche.

M'njira monse ankaganiza kuti mwana amuthamangira ngati kale. Sizinatero. Tione anali atatalika, wa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Anatuluka m'nyumba mwaulemu, anagwada chapatali, n'kumupatsa moni m'Chitonga monga amachitira ndi alendo. Kenako anakaima kumbuyo kwa Rachael. Mabel anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira.

Rachael anayang'ana m'kope tsamba ndi tsamba, mizere yonse itakhwatchidwa. Mayi wolimba mtima uja misozi inalengeza. "Wayesetsa, mng'ono wanga. Tenga mwana wako."

M'minibasi Tione anakhala manja ali pamiyendo. Mabel anamugulira nthochi, anangoigwira osadya. Atayamba kukwera mapiri, mphepo ya ku Mzuzu itayamba kulowa pawindo, Mabel anavula juzi n'kumufunditsa. Apo m'pamene mwanayo anatukula maso.

"Amama, ndikadzalakwanso mudzandibweza kwa amama aakulu?"

Kalanga ine! Nthawi yonseyi mwana ankayesa kuti anachotsedwa pakhomo chifukwa analakwa. Zaka pafupifupi ziwiri akusunga zimenezo mumtima, osauza munthu.

Mabel anamukumbatira osasamala za anthu m'minibasimo. "Sunalakwe ndiwe, mwanangu. Ndinalakwa ndine, ndipo ndakonza. Subwereranso."

"Zoona?"

"Zoona."

Ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, Mabel analonjeza chinthu akudziwa kuti palibe munthu amene angabwere kumapeto kwa mwezi kudzamusandutsa wabodza. Tione anatsamira pachifuwa pake n'kugona mpaka mu Mzuzu.

Tsono inu amene mukuwerenga, ngongole yanu sindikuidziwa. Koma ndikudziwa kuti simukuilipira nokha. Pali wina pakhomo panu amene akuilipira nanu mwakachetechete, mwina akudziimba mlandu pa zimene sanachite. Tengani kope lero, lembani zonse, musabise ngakhale imodzi. Akusekeni, akunong'onezeni, muvale chakale pakati pa ovala zatsopano. Mukaterereka ngati Mabel mu Disembala muja, dzukani mulembenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtima usagwe, abale anga, pali amene akukudikirani kuti mumalize.