Nkhuni za Kuseri kwa Nyumba

Chisanu ndicho chinandidzutsa kusanache. Tinagona pansi m'chipinda chochezera, azimayi okhaokha, ndipo wina amene sindimudziwa mpaka lero anali atandilanda bulangete. Juni wa ku Lusaka alibe chisoni ndi anamfedwa. Nditasuzumira pawindo ndinaona amuna atazungulira moto umene unali utasanduka phulusa, aliyense manja ali m'khwapa. Linali tsiku loika atate m'manda, ndipo nkhuni zinali zitatha.

Kunena zoona, nkhuni zinalipo. Kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata kunali mulu waukulu wa nkhuni zouma bwino, wofunditsidwa malata akale. Anaunjika ndi atate eni ake. Mphamvu zawo zonse anathera m'boma ali waganyu, wolipidwa pa tsiku, ndipo ntchito ina imene ankawatuma inali yokweza nkhuni ndi matenti mu lole n'kukatsitsa pa maliro a anthu olembedwa ntchito yokhazikika. Nyumba zambiri za akuluakulu ku Woodlands ndi ku Kabulonga ankazidziwira kukhomo la kuseri. Koma waganyu akamwalira, lole sinkapita. Choncho atate akapeza nthambi itagwa m'mbali mwa msewu ankabwera nayo panjinga. Tikawaseka ankangoti, "Ni za malilo yanga izi. Kuno loli sizabwela."

Chaka chatha boma linalemba ntchito yokhazikika ena mwa anthu amene anakalambira pa ganyu, ndipo atate anali m'gulumo. Anakondwa ngati mwana. Anagula nsapato zatsopano zimene zinawaluma mpaka tsiku limene anagonekedwa m'chipatala.

N'chifukwa chake amayi anakaniratu kuti munthu akhudze mulu uja. Masiku onse a maliro tinaothera makala ndi timitengo ta anansi. Uthenga unali utapita kuntchito, ndipo yankho linali lakuti lole ili kunja kwa tauni. M'mawa umenewo atate aang'ono, amene anachokera ku Chipata ndi malangizo ambiri kuposa katundu, analowa n'kugwada pafupi ndi amayi.

"Alamu, anthu azizidwa panja. Titengeko pang'ono chabe."

"Banabalemba," amayi anayankha osadzutsa mutu, kutanthauza kuti atate anali atalembedwa ntchito. "Loli izabwela."

Ine mumtima ndinali kumbali ya atate aang'ono. Ndinkaopa manyazi obweza anthu ndi njala. Koma ndinkaopanso china chachikulu, kuti lole ikapanda kubwera amayi akwirira mwamuna wawo pamodzi ndi chinthu chimodzi chimene chinawatonthoza pa matenda onse aja, chakuti boma linafika pomuwerengera.

Dzuwa linatuluka lopanda mphamvu, ndi kamphepo kouluza fumbi. Anthu anayamba kufika. Amayi a Chigwirizano anabwera ndi mabulauzi awo oyera, akuimba chapansipansi kuchokera pageti. Ena anatsika maminibasi kuchokera ku Chilenje, ena ku Makeni, anzanga a ku Chelstone kumene ndimakhala nawonso anafika. Kuseri azimayi anadula kabichi mpaka mabeseni anadzaza, kenako anakhala pansi kuyang'ana mapoto ozizira. Mulu wa atate unali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene anakhala. Ndikudutsa ndi ndowa ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti mwina kulembedwako kunali kwa pakamwa chabe. Ndinadziwa mawu ake, ndipo mchere akabwera kudzapempha ndidzamupatsabe, koma ndinamva.

Itatsala pang'ono nthawi yopita kutchalitchi, tinamva kulira kwa injini yaikulu ikuvutika kukhota m'kamsewu kathu. Nyimbo inaima pakati. Inali lole yoyera ya boma, nkhuni zitadzaza mpaka pamwamba, amuna ovala maovolosi ataimirira m'mbali. Woyamba kudumpha anali a Mulenga, mnzawo wa atate amene anakweza naye nkhuni kuyambira ine ndili kamtsikana. Iwo dzina lawo silinatuluke chaka chatha, akadali pa ganyu. Lole inafika m'tauni usiku, ndipo iwo ndi anzawo anaikwezera nkhuni mumdima, osadikira kuti kuche.

Amayi anali asanapondeko panja chiyambire maliro. Anadzuka okha, osagwiridwa, n'kuyenda mpaka pageti. A Mulenga anavula chipewa.

"Ba mayo, mutikhululukile. Tachedwa."

"Mwabwela," anatero amayi.

Amayi anaika dzanja pachitsulo cha lole ija ngati akusisita ng'ombe yawo, ndipo ndi pamenepo pamene analira kulira kwenikweni. Ine ndinalira nawo, koma misozi yanga inali yothokoza. Moto unayaka malo angapo nthawi imodzi. Atate aang'ono anapezeka ali patsogolo kulozera anthu potsitsira nkhuni, ngati lole anaiitana ndi iwo.

Galimoto yonyamula bokosi inalipo, koma titatuluka m'tchalitchi amayi anapempha kuti atate akwere lole. Anzawo a atate anasesa makungwa, anayala tenti pansi, n'kukweza bokosi mosamala kuposa katundu aliyense amene anakwezapo. Tinadutsa ku Chilenje, n'kulowa ku Woodlands pang'onopang'ono, magetsi a galimoto akuyaka masana. Alonda ena pamageti anavula zipewa. Ndinaganiza kuti mwina ena ankawadziwa, bambo wa nkhuni uja.

Kumanda mphepo inali yamphamvu moti mawu a abusa ankafika theka. Dothi litakwiriridwa, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata: amayi, ife ana, abale, mpingo. Kenako anaitana akuntchito. Mayi wina wamkulu wa ku ofesi anatuluka ndi nkhata, anatchula dzina la atate lonse molondola, n'kunena kuti boma lataya wantchito wake. Sanatalikitse. Asanawerame anatembenuka n'kukodola a Mulenga kuti agwire mbali ina ya nkhatayo, ndipo anaiika awiri.

Kunyumba aliyense anadya n'kukhuta, ngakhale wonong'ona uja. Madzulo lole inanyamula tenti yake n'kupita. Mipando inabwerera m'nyumba. Abale otsala anagona msanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvanso wailesi ya anansi. Nsapato zija zinali pansi pa bedi, zidendene zisanadyeke n'komwe.

Amayi ndinawapeza kuseri. Mphepo inali itasuntha lata limodzi pamulu wa atate, ndipo iwo ankalibwezera. Palibe ngakhale kamtengo kamodzi kamene kanachokapo. Ndinawafunsa ngati tigulitse nkhunizo, popeza ntchito yake yatha.

"Zisiye," anatero. "Ba Mulenga bakalibe kubalemba."

A Mulenga akadali waganyu, tsiku lawo likadzafika lole sidzapita. Amayi anatola mwala n'kutsindikira lata lija. Ine ndinapita kukafuna mwala wina.