Timapayi Tolira Magazi

Kachitini ka mkaka, kodulidwa kumwamba ndi kunsi komwe, kongotsala ngati chibangili. Amai ankakapachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu ku Kabwata mu Lusaka, ndipo m'mphepete mwake anali atamunola pa mwala wapakhomo mpaka mukuthwa. Ndiko kankadula ufa wokanda kukhala tizidutswa tozungulira ngati mwezi. Mpando wa atate ndinauiwala, mtundu wa chitseko ndinauiwala, koma kachitini aka ayi.

Chandikumbutsa ndi mdzukulu wanga kuno ku Chelstone. Sabata yatha anatulukira pakhonde ndi mbale, akuti, "Agogo, bwelani mulaweko, ni va Halowini." Pambalepo panali timapayi ta nyama, kalikonse ndi maso ake awiri ndi kukamwa kwa mano. Akuti anaonera pa foni. Ine, munthu amene ndinaitanira mabasi m'tauni muno mpaka kumanga nyumba ndi mawu okha, amene ndikakuwa ku City Market a ku njanji amatembenuka, ndinangoti duu. Mwanayo anayesa ndaopa. Ndiope chiyani, ufa? Timitu timeneti ine ndinationa kale, agogo ake aakazi asanamere ndi mano omwe.

Chinali chaka chimene atate anamwalira, ine ndili mu giredi yachiwiri. Anali mesenjala mu ofesi ina m'tauni, munthu wamphamvu, woyenda ngati akuthamangitsidwa. Anadwala masiku ochepa, mutu ndi kusanza, basi anapita. Tinawaika kumanda a ku Chunga abale awo a ku Chipata, kum'mawa uko, asanafike, poti uthenga kalelo unkayenda ndi basi, ndipo maliro sadikira basi. Abalewo anafika n'kupeza mulu wa dothi. Anabwerera osalankhula zambiri.

Atate anali Mngoni, ndipo ng'ombe za malowolo zinapita zonse kwawo kwa amai. Zikatero ana ndi a kuchimuna, palibe mlandu. Miyezi itapita tinamva kuti atate aakulu, mkulu wawo wa atate, akubwera pamodzi ndi azakhali, mlongo wawo, kumayambiriro kwa Novembala, kudzaona za mwana. Mwanayo ndi ine. Amai ankafuna ndikhale m'tauni ndipitirize sukulu. Aphunzitsi anali atawauza pamaso panga kuti, "Uyu mawu ake ndi a wailesi, chaka chamawa aziwerengera anzake kutsogolo." Amai mawu amenewo anawasunga ngati mbewu. Nanenso ndinawasunga, simukuona ndikuwanenabe?

Okutobala wa chaka chimenecho anatentha mwachipongwe. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'makutu kumachita kuwawa. Phula la mumsewu waukulu linkamata kumapazi, kamvuluvulu ankanyamula mapepala ndi fumbi n'kukazitaya m'mbale za anthu, ndipo maluwa a jakaranda ankanunkha pansi ngati mowa wosasa. Amai anali m'zovala zakuda, diresi ndi duku, kutentha konseko. Madzulo ankakhala pakhomo n'kumayang'ana kum'mawa, ine n'kumayesa akudikira mvula.

Lamulungu lina kunabwera amalume, mlongo wawo wa amai, pa njinga yawo ya belu. Anali khukhi ku Kabulonga, kwa mzungu wa ku Amereka, ndipo ankanunkhira sopo ndi anyezi. Tsikulo anabwera ndi nkhani. Akuti kumeneko akukonza phwando la akufa. Atenga dzungu lathunthu, loti banja n'kudya n'kukhuta, alikumba m'kati, aliboola maso ndi mano, akuti adzaikamo kandulo. Ana adzavala nsalu zogonera n'kumathamanga pabwalo. Ndipo dona, mkazi wa mzunguyo, wawaphunzitsa kuphika timapayi ta nyama yatsabola, ta nkhope ngati ya dzungulo.

Amai anaika dzanja pachifuwa. "Kani nawonso amakumbukira akufa awo?"

Apa ndiime pang'ono. Amalume Chizungu ankachimva theka, theka linalo ankadzaza ndi mtima. Zoti kwa eni ake ndi masewera a ana, oseka ndi oopsezana, iwo sanazimve. Tsono ife tinali Akatolika, ndipo sabata yomweyo ndi imene timapita kumanda kukalambula ndi kupempherera mizimu ya akufa. Kwa amai zinthu ziwirizi zinangolowana ngati mphika ndi chivundikiro chake. Alendo akubwera m'masiku a akufa, mwamuna wawo ali m'manda atsopano, ndipo pali chakudya chaulemu chimene ngakhale azungu amaphika pokumbukira anthu awo. Akanafunanso chiyani?

Panalinso china. Amai ankafuna kuyamba kugulitsa zophika pamsika, ndipo timapayi timeneti tinali umboni wawo. "Akaona kuti manja ndili nawo, mwana andisiyira." Ankanena zimenezi akusesa, akuchapa, osati kwa ine, koma ine ndinalipo.

Tsiku lofika alendo amalume anapempha tchuthi n'kubwera m'mamawa ndi nyama yogaya ya ku butchala, fulawa, ndi tsabola wofiira wa ufa m'kapepala. Amai anasakaniza fulawa ndi kamgaiwa pang'ono, n'kufikisamo majarini ndi nsonga za zala mpaka ufa unakhala ngati mchenga wonyowa. Madzi anatunga a mumtsuko, ozizira. Anakanda, n'kupsinja ndi botolo pa thabwa, kenaka kachitini kaja kanayamba ntchito, kho, kho, miyezi ikungogwa. Nyama anaikazinga ndi anyezi ndi matimati ambiri, n'kuthiramo nyemba zophika dzulo lake. Tsabola atagwa mumphika tonse tinayetsemula, mpaka galu wa oyandikana nawo.

Pofika pa mchere amai anandiitana. Mkazi wamasiye amene sanasudzulidwe sathira mchere m'chakudya cha anthu, amati angawadule. Anandipatsa m'manja, n'kugwira chigongono changa pamwamba pa mphika. "Thira iwe, alendo asadzakhale ndi mawu." Taonani mmene anasamalira mayi uja. Mchere anausamala, madzi osamba m'manja anawasamala, mphasa anabwereka yatsopano. Khomo lililonse lolowera mawu analitseka, n'kusiya limodzi lokha, lalikulu kuposa onse.

Payi imafuna pobowola kuti nthunzi izituluka, apo ayi imaphulika. Amai anatenga foloko. Amalume anawagwira mkono. "Foloko ndi ya masikono a pamsika, mlongo. Alendo aulemu tiwapatse za ku Kabulonga." Anatenga kampeni kosongoka n'kuboola maso awiri, kamphuno, ndi kukamwa kokhala ndi mano. Amai anaseka. Chiwaikireni atate m'manda, kameneko kanali koyamba kuwamva akuseka. Nanenso anandipatsa kampeni. Anga anali ndi diso limodzi lalikulu, ena okwiya, ena oseka mpaka m'makutu. Uvuni tinalibe. Amai anathira mchenga mumphika waukulu, n'kuukhazika pa mbaula, timapayi m'mbale yachitsulo m'kati, pamwamba chilata cha makala oyaka. Fungo lake linafika mpaka kumpopi, akazi n'kumakuwa kuti, "Kwa amake mwana kuli ukwati kodi?"

Alendo anafika dzuwa litapendeka, mitambo yakuda itaunjikana kum'mawa koma osagwetsa kanthu. Atate aakulu anali wamtali, wa jekete yothina m'mapewa. Azakhali anali ndi maso a atate enieni. Anandigwira kumutu n'kulira pang'ono. Anakhala, anamwa madzi, anafunsana za kumudzi. Amai anagwada ndi beseni, onse anasamba m'manja. Kenaka anabweretsa thireyi yovundikira ndi nsalu yoyera, n'kuikhazika pakati, n'kuvundukula.

Ife pophika tinkangoyang'ana ngati timapayito tapsa. Sitinaone chimene moto unachita. Msuzi wa matimati ndi tsabola unali utawira n'kutulukira m'maso ndi m'kamwa, n'kutsikira m'masaya, wofiira, kwina utauma n'kuda. Pathireyi panali timitu ta anthu tondandalika bwinobwino, tikulira magazi, tikuseka.

Maso onse anagwera pathireyi. Nyenje zokha panja.

"Mlamu, izi n'chiyani?" Anafunsa ndi azakhali, motsitsa mawu.

Amai asanatsegule pakamwa amalume anali atayankha kale, chifuwa patsogolo. "Ndi chakudya cha phwando la akufa. Takonzera malemu."

Abale a atate anali a mpingo wa Dachi. Zopempherera akufa kwawo kulibe, ndipo phwando la akufa limene ankalidziwa ndi limodzi lokha, lija amachita kumanda anthu oyenda usiku. Azakhali anatenga kamodzi ndi zala ziwiri n'kukanyema pakati. Kumudzi nyama imadziwika ndi fupa lake, chikopa chake, mafuta ake. Iyi inalibe fupa, inalibe chikopa, yongophwanyika, yobisidwa m'kati mwa ufa. "Nyama ya chiyani imeneyi?" Amai anati ya ng'ombe, ya ku butchala. Azakhali anakabweza pathireyi pang'onopang'ono n'kupukuta zala pa mphasa.

Ine ndinali ndisanadye kuyambira m'mawa. Ndinatola kanga ka diso limodzi, n'kukaluma, msuzi ukutsika pachibwano, n'kukuwa ndi mawu anga aja a wailesi, "Ndadya mutu!" Ndipo pasapezeke wondiuza kuti ndinalakwa. Mwana wanjala salakwa. Anali akulu anayi m'nyumba muja, aliyense ndi pakamwa pake.

Atate aakulu anaumitsa manja awo pa thalauza. "Takhuta, mlamu." Sanalawe kanthu, ngakhale ndiwo zina zimene zinali pamoto. Liwu loipa lija palibe analitchula, lero ndi lero sindinamve munthu akulitchula pa amai, koma linakhala nafe pamphasa ngati mlendo wachitatu. Atate aakulu anatuluka panja ndi amalume. Ndinamva amalume akutchula za dona, za dzungu, za kandulo, ndipo chilichonse chimene ankawonjeza chinkangokuza moto. Kenaka mawu a atate aakulu: "Mwana wa m'bale wanga sakulira m'nyumba ino. Tinyamuka naye mawa." Alendowo anakagona kwa munthu wa kwawo ku Kamwala.

Mukufunsa chifukwa chake amai sanalimbe? Alimbe ndi chiyani? Ng'ombe zinadyedwa, nyumba inali ya ntchito ya atate, ndipo mkazi woganiziridwa zotere akakweza mawu ndiye kuti wavomera. Amalume anakwera njinga yawo osaliza belu.

Kumudzi sanandizunze, ndisaname. Ndinadya, ndinakula, ndinaweta ng'ombe. Koma ng'ombe siziwerengeredwa buku, ndipo sukulu inali kutsidya kwa mtsinje. Zilembo zimene ndili nazo ndi zomwe zija za giredi yachiwiri, kuonjezapo za pa mabasi. Ndinabwerera ku Lusaka ndili ndi ndevu. Amai ndinawapeza pamsika wa ku Kabwata, atakalamba msanga, ali ndi beseni la mapayi. Onse obowola ndi foloko. Ndinaima patsogolo pawo nthawi ndithu. Anakweza maso n'kuti, "Mugula angati, bambo?" Tinadzazolowerana pambuyo pake, ndinawasunga mpaka tsiku lawo, ndinawaika ndi bokosi labwino, afunseni anthu. Koma mayi ndi mwana akadumpha zaka zimene zija, amakhala ngati anthu awiri aulemu okwera basi imodzi.

Madzulo aja a thireyi, kwa ine linali tsiku labwino kuposa onse. Alendo akana, amalume apita, timitu tonse n'tanga. Amai anakhala pambali panga n'kumandisunthira thireyi. "Idya. Idyanso." Iwo sanadye. Misozi inkatsika, ine n'kumati ndi tsabola, poti nanenso maso ankandiyabwa. Ndipo mawa ndikukwera basi yaikulu ya ku Chipata! Ndinauza ana onse a mumzere mwathu.

M'mawa ndinadzuka n'kupeza mbaula ili moto kale, kachitini kali paufa. Anali ataphika ena a paulendo ndi nyama imene inatsala, n'kuwamanga m'kansalu. Pa siteshoni, basi ikulira, ndinamasula kuti ndione. Anali osalala, opanda maso, opanda kukamwa, ena ataphulika m'mbali posowa potulukira nthunzi. Ndinakwiya. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, siteshoni yonse kumva, "Amai, alibe maso!"

Anali ataima pafumbi m'diresi lawo lakuda, manja atawapinda pamimba. Anayandikira pawindo n'kunena motsitsa, "Bola asaone, mwanawe."

Basi inanyamuka. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuboola maso ndi chala, kamodzikamodzi, ndikudandaula mumtima kuti amai masiku ano ayamba kuiwalaiwala.