Chilombo cha Chitsulo kwa Aphunzitsi a ku Japani

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa chithunzi pa foni: chovala cha nkhondo cha asilikali akale a ku Japani, chimene olemera amagula n'kuchisunga m'galasi. Manyazi anandigwira ngati ndikadali kamtsikana ka ku Bembeke.

Tsiku lina amayi anandituma kukasiya mbatata ya kachewere kwa aphunzitsi ochokera ku Japani. Pabalaza pawo pankanunkhira mafuta opukutira chitsulo. Pakona panakhala chinthu chanyanga, nkhope yakuda, ndevu zoyera, koma m'maso mwake munalibe munthu. Kwathu mtsikana akaona chigoba cha gule chopanda wovina, ndi mlandu. Ndinaponya dengu pansi, ndinafunda chitenje kumutu, liwiro la kunyumba.

"Ndaona chilombo chopanda mwini," ndinauza amalume ndikulira.

Amalume sanafunse zambiri. Anagwira thadzi lathu loikira mazira, ulendo wa kwa aphunzitsi, ine pambuyo. Titafika anagwada pakhomo.

"Pepani aphunzitsi, mwanayu waona zosayenera kuona. Landirani nkhukuyi, nkhani ithere pompano."

Aphunzitsiwo analandira modabwa. Anatilowetsa, n'kunyamula chisoti chanyanga chija kuwapatsa amalume m'manja.

"Si gule ayi. Ndi chovala cha makolo anga. Ndimangochisunga chifukwa n'chokongola."

Amalume anachigogoda ndi chala, kenaka anandiyang'ana ine. Apo n'kuti ana a sukulu atadzaza pazenera. Nkhuku inatsala komweko, ndipo mpaka kumaliza sukulu dzina langa linali Nachilombo.

Lero ndikudziwa kuti chinali chitsulo chabe, koma foni ija ndinaibweza nditayang'ana kumbali.