Duwa Lofiira M'nyumba ya Matimati

Moni nonse a pabanja.

Lero m'mawa mwana wathu Tiyike anandipempha kuti ndikamuthandize m'nyumba yake ija ya pulasitiki yolimamo matimati. Tinkagwedeza zingwe kuti matimatiwo abereke, poti njuchi sizilowamo.

Nditafika kumapeto kwa mzere, ndinaona duwa lofiira laminga m'chidebe chakale cha penti. Ndinalizindikira pomwepo. Ndi mtundu womwe malemu akazi anga, aNabanda, anabzala pakhomo, ine n'kulizula ndi khasu chaka china cha njala, ndikukalipa kuti maluwa sadyedwa. Iwo anangotenga tsache n'kusesa dothi lija. Mpaka anamwalira sindinawapepese.

Ndinafunsa kuti, "Iwe Tiyike, ili lachokera kuti?"

Iye anaseka. "Atate, inu munazula chitsa, koma amama anakabisa kanthambi kwa azakhali, alongo anu omwe. Zaka zonsezi timangodulirana, inu osadziwa."

Ndinakhala pathumba la manyowa, thukuta ndi misozi kutsikira limodzi. Tiyike anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiyeni panja, muno mukutentha, mungandikomokere."

Wandidulira kanthambi kamodzi. Ndikufuna ndikakabzale pamanda a aNabanda kumudzi kwawo ku Zemba mvula ikayamba. Koma kumeneko ndine mkamwini chabe, sindingalowe kumanda ndekha.

Alamu anga aYohane, mwini mbumba ndinu, ndipo mukudziwa bwino mmene ndinkawavutitsira alongo anu. Kodi mungandiperekeze? Mukakana sindidandaula, ndingopatsa anawa akabzale okha.